Khodi ndi yomweyo, bwanji package ikutuluka yosiyana?

Achimwene ena a ku Luchenza anditumizira imelo sabata yatha. Iwo ndi mnzawo wa ku Blantyre anamanga package ya tar.gz (mafayilo omangidwa pamodzi ndi tar n'kupanikizidwa ndi gzip) kuchokera pa commit imodzimodzi, kutanthauza khodi yofanana ndendende yosungidwa mu git, koma atayendetsa sha256sum, pulogalamu yotulutsa nambala yozindikirira fayilo, manambala anatuluka osiyana. Akufunsa ngati kompyuta ya mmodzi wa iwo yalowa vairasi.

Mtima m'malo achimwene. Nthawi zambiri wolakwa amakhala wotchi. Mukakoka khodi ndi git clone, fayilo iliyonse imatenga nthawi yomwe yafikira pa kompyuta yanu, ndipo tar imasunga nthawiyo mkati. Inu munakoka khodi Lachiwiri, mnzanu Lachinayi, basi zasiyana kale. Nayo gzip imadinda dzina ndi nthawi ya fayilo pokhapokha mutaipatsa -n.

Mankhwala ake ndi SOURCE_DATE_EPOCH, yomwe a Reproducible Builds, gulu lolimbikitsa kuti khodi imodzi izitulutsa package yofanana nthawi zonse, anakhazikitsa mu 2015. Ndi chiwerengero cha masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, chomwe zida zomangira zimagwiritsa ntchito m'malo mwa wotchi ya kompyuta yanu. Tengani cha commit yomaliza polemba git log -1 --format=%ct. GCC, compiler yomwe imasandutsa khodi kukhala pulogalamu, imachimvera yokha, koma tar muipatse pamanja kudzera pa --mtime, muwonjezerenso --sort=name, --owner=0 ndi --group=0. Ikaninso TZ=UTC, poti ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri.

Chomwe chinandizunza ine ndi foda. Loweruka lina chiperoni chitaphimba phiri lonse la Mulanje, ndinakhala pa laputopu tsiku lathunthu, tiyi mpaka kuzizira m'kapu, ndikusaka kusiyana kwa mabaiti ochepa chabe. Nditayendetsa diffoscope, chida chosonyeza pomwe mafayilo awiri asiyana, kunapezeka kuti ndi dzina langa lomwe! Compiler inalemba njira yonse ya foda yanga ya mu /home/, yomwe ili ndi dzina langa, mkati mwa pulogalamu. Kuipatsa GCC -ffile-prefix-map kunathetsa nkhaniyo, moti inu musachite ngati ine, yambirani pa diffoscope.

Koma mantha anu a vairasi si opusa ayi. Mu 2020 kunadziwika kuti akuba analowa m'makina omangira a kampani ya mapulogalamu ya SolarWinds n'kumathira zoipa pa nthawi yomanga, khodi ya m'nkhokwe ikuoneka yoyera bwinobwino. A Debian, omwe amakonza mtundu wina wa Linux, anayamba kulimbana ndi vuto la ma package osiyanawa kale mu 2013. Malinga manambala anu akusiyana tsiku lililonse chifukwa cha wotchi, tsiku lomwe adzasiyane chifukwa cha mbava simudzazindikira.

Mukakonza zonsezi manambala n'kukhalabe osiyana, onetsetsani kuti nonse awiri muli ndi GCC ya mtundu umodzi, kenaka munditumizire zomwe diffoscope yatulutsa tione limodzi.