Abusa akafuna kulira, amalirira kuti?

Imelo yanu, mayi busa, ndaiwerenga katatu. Mukuti abusa sakugona, akachokera kumaliro amangokhala m'galimoto panja mpaka usiku, mukawafunsa amati ali bwino. Mukufunsa kuti mungawathandize bwanji. Mwandikumbutsa bambo anga.

Ine ndinakulira m'nyumba ya abusa. Chitseko cha nyumba ija sichinali chathu. Wa banja losokonekera, wa mwana wodwala, wosowa ya minibasi, onse ankagogoda, ngakhale nsima ili m'manja. Agogo atamwalira, mayi awo owabereka, bambo analalikira okha pamaliropo, poti anthu anati nanga tikaitanirenji wina abusa ali pomwepa. Msozi sunagwe. Patatha sabata ndinawapeza kuseri kwa khola la nkhuku akusisima, chipewa chili m'manja. Atandiona anatsokomola, n'kuyamba kundifunsa ngati madeya atsala.

Poyamba ndinkati anthu sadziwa chabe. Ayi, ndi nkhanza. Timawapatsa mpando wakutsogolo ndi chiwalo chachikulu cha nkhuku, koma m'busa angoyerekeza kunena kuti watopa, akulu ampingo ayamba kunong'onezana kuti chikhulupiriro chazilala. Mu Januwale 2021, Covid itakolera, tinkawerenga omwalira tsiku ndi tsiku. Ndani anafunsa za munthu amene ankaima kumandako, lero, mawa, mkuja? Za kusamutsidwa ndisayambe n'komwe. Ine pulayimale ndinaiphunzira m'masukulu anayi, ndipo anzawo enieni bambo ankawasiya konse komwe tachoka.

Za Eliya

Pa 1 Mafumu 19, Eliya atangogonjetsa aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, anathawira kuchipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamufunse kuti pemphero lako lili kuti. Anamudzutsa adye mkate, amwe madzi, iye n'kugonanso. Ulaliki wa ndime imeneyi ndaumva kambirimbiri, koma wonena kuti mneneri uja analema ngati munthu wina aliyense, sindinaumvepo.

Tsono funso lanu lija. Abusa apeze m'busa mnzawo wa mpingo wina woti azikhuthulirana naye, nkhani isakafike ku sesoni, bwalo la akulu ampingo. Lolemba foni izizima. Tulo tikapitiriza kusowa, kapena akayamba kutchulatchula za kufa, musadikire, pitani nawo kuchipatala. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza za maganizo. M'galimotomo, tsiku lina tsegulani chitseko chinacho, mukhale nawo, osafunsa kanthu.