Kodi pisitolo ya "pulasitiki" imafuna kutsukidwa?

Wapolisi wina amene wangomaliza maphunziro wanditumizira imelo. Akuti wapatsidwa Glock 17 yogwirira ntchito, ndipo anzake amuuza kuti popeza ndi ya pulasitiki siichita dzimbiri, choncho asamataye nthawi n'kuitsuka. Akufunsa ngati n'zoona.

Achimwene, anzanuwo akuuzani zoona pang'ono chabe. Chogwirira ndi thupi la m'munsi n'zopangidwa ndi polima (pulasitiki wolimba), inde. Koma mpaipi, slide (chitsulo cha pamwamba chomwe chimayenda kutsogolo ndi kumbuyo) ndi masipuling'i onse ndi zitsulo. Gaston Glock wa ku Austria atapanga mfutiyi, asilikali a dzikolo n'kuyamba kuigwiritsa ntchito mu 1982, inatchuka chifukwa chopirira fumbi ndi matope. Kupirira sikutanthauza kuti muziitayirira. Mfuti yomwe imagona m'chiuno tsiku ndi tsiku imamwa thukuta, ndipo ulusi wa yunifolomu umaunjikana kuseri kwa slide ngakhale simunaombe chipolopolo n'chimodzi chomwe.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa si dzimbiri ayi. Kuti mumasule Glock, muyenera kukoka trigger (kokokera ndi chala poombera). Apa ndi pamene anthu amadziwombera mwendo kapena kuboola khoma la ofesi. Ndondomeko yake siisintha: chotsani kaye magazini (mosungira zipolopolo), kenako kokani slide kuti chipolopolo cha m'chemba (kumbuyo kwa mpaipi, momwe chipolopolo chimakhala chisanaombedwe) chituluke. Mukayamba ndi slide, magazini ikadali m'kati, mwatulutsa chimodzi n'kulowetsa china. Tsekerani slide kumbuyo, suzumirani m'chemba ndi maso, pisanimonso chala. Zipolopolo zonse zikhale patali ndi tebulo lomwe mukutsukirapo. Mukatero m'pamene mulozetse mfuti kumalo kosavulaza munthu, n'kubwezera slide kutsogolo, n'kukoka trigger. Mfutiyi ilibe kotsekera kapambali ngati mfuti zina. Zotetezera zake zitatu zimatseguka zokha mukamakoka trigger. Chala chanu ndi holster (chikwama cha mfuti) yolimba yophimba trigger yonse ndizo zikuikirani kumbuyo.

Kutsuka kwenikweniko n'kosavuta. Burashi ndi kansalu mumpaipi kuchokera kumbuyo, mpaka kansaluko kazituluka koyera. Oilo akhale madontho ochepa: kunja kwa mpaipi, m'tinjira momwe slide imayendamo, ndi pa connector (kachitsulo ka m'kati kogwira ntchito ndi trigger). Ambiri amathira ngati akukazinga chipisi. Oilo wochuluka amakoka fumbi, ndipo akalowa m'kabowo ka firing pin (kachitsulo komenya chipolopolo kuti chiphulike) amauma n'kuchita phala, tsiku lina mudzakoka trigger n'kungomva "kha" basi. Kabowo ako kazikhala kouma. M'magazini namonso musathiremo kanthu, ingopukutani.

China chimene ambiri sachilabadira: chipolopolo chimodzimodzi chomwe mumalowetsa m'chemba m'mawa n'kuchitulutsa madzulo. Chikagundidwa kangapo, mutu wake umatha kulowa m'kati pang'ono, ndipo chikaphulika chimaphulika mwamphamvu yoposa muyezo. Chiimikeni pambali pa chinzake chatsopano. Chikaoneka chachifupi, kachibwezeni kwa woyang'anira zida.

Kupitirira pamenepa, manja pansi. Kusintha sipuling'i ya slide ikatopa, kutsegula m'kati mwa trigger, zonsezo ndi za woyang'anira zida wa pasiteshoni panu. Ndipo mnzanu akakuuzani kuti angakufewetsereni trigger ndi tupa, mukaneni pomwepo. Mfuti ya boma yosinthidwa mwamseri ikalira pa munthu, kukhoti amene adzayankhe ndinu.