Mayi anga aitanidwa ku kafukufuku wa okalamba, ndiwalole?

Funso: Mayi anga ali ndi zaka 68, amadwala BP ndipo timakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Kukiliniki awapempha kulowa gulu la kafukufuku wa kadyedwe ndi masewera olimbitsa thupi a okalamba, akuti agogowo ndiwo azipereka maganizo. Kodi si njira yongowatenga magazi? Wowerenga, Mufakose

Yankho: Wowerenga, mantha anu ndi omveka, koma musawakanize mayi musanafunse. Kafukufuku wa mtundu umenewu amayenda bwino chifukwa eni vuto ndiwo amanena chimene chingatheke pakhomo pawo. Kuno ku Harare tidaziona kale: Friendship Bench, pulogalamu ya uphungu wa pabenchi ya Dr Dixon Chibanda, idayamba ku Mbare mu 2006, ndipo idakhazikika chifukwa cha agogo aakazi amene adaphunzitsidwa kumvetsera anthu osautsika mumtima.

Pemphani kalata ya chilolezo muiwerenge. Ionetse kuti bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo la Medical Research Council of Zimbabwe lavomereza kafukufukuyo, ndipo mayi awafotokozere m'chilankhulo chimene amamva bwino. Ngati atenga magazi, kalatayo inene kuchuluka kwake ndi chomwe akayeze. Mayi ali ndi ufulu wosiya tsiku lililonse osataya thandizo lawo la kukiliniki. Wina akawafulumizitsa kusaina, akane.

Akalowa, asamangovomera. Anene kuti nyama yakwera mtengo, kuti mawondo amaphwanya, kuti madzulo kunja kuli mdima.

Pakhomo musadikire. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati okalamba aziyenda kapena kugwira ntchito yotenthetsa thupi mphindi 150 pa sabata, monga mphindi 30 masiku asanu. Akhoza kugawa khumikhumi. Liwiro loyenera ndi loti akutha kulankhula koma osatha kuimba. Masiku atatu pa sabata aziima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, komanso kudzuka pampando osagwira ndi manja kakhumi. Izi ndizo zimateteza kugwa, ndipo agogo akathyoka chiuno nthawi zambiri kuchira kumavuta. Akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, aleke, apite kuchipatala.

Mchere usapose supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, magalamu 5, kuphatikiza wa m'makyubu a supu ndi m'matemba. Matemba aviikeni kaye, mutaye madziwo. Soda wa m'therere ndi m'nkhwani amafewetsa masamba koma amapha mavitamini, choncho msiyeni.

Cholakwika chomwe timachiona kwambiri n'chakuti mano akatha, agogo amangokhalira tiyi ndi phala. Minofu imafota, miyendo imafooka. Thirani nsinjiro m'phala, aphikireni dzira, nyemba zipse mpaka kufewa, masamba akhale otendera. Nsima ya mgaiwa kapena ya mawere imaposa ya ufa woyera. Mapiritsi a BP asawasiye ngakhale akumva bwino, pokhapokha adokotala atanena.