Pentopeniyo isiyeni achimwene

Achimwene, poti mukufuna kupaka inki pa makona osupuka a khadi lanu lakale la baseball musanaligulitse, pentopeniyo musayandikize nayo pa khadilo, kaya makona ayera bwanji. Ine zinandionekera ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa.

Ndinagula khadi la baseball la kampani ya Topps la 1971, aja akuda m'mphepete aja, mukudziwa nonse kuti amenewa sachedwa kusupuka, kungoligwira pang'ono kuyera kwayamba kale. Langali linali lakuda bii mbali zonse zinayi, makona akuthwa ngati latuluka m'paketi dzulo, wogulitsayo n'kumalumbira kuti linali la malemu bambo ake lakhala m'bokosi zaka zonsezi, ine osaganiza kawiri n'kupereka ndalama zimene ndinasunga miyezi isanu. Ndinalitumiza kukapimitsa kwa akatswiri opereka giredi ku makadi, kudikira kudikira, pobwera lilibe giredi angolemba kuti linasinthidwa. Usiku womwewo ndinazimitsa magetsi n'kuliunika ndi katochi ka UV koonetsa inki yopakidwa pambuyo, mayo ine! M'mphepete monse zigamba zigamba, pa kona ya m'munsi inki inachita kulowerera m'pepala, ukaliyang'ana cham'mbali ndi galasi lokulitsa ukuona kamzere kakuda pomwe pamayenera kukhala potuwa. Tulo sindinatione tsiku limenelo. Kumulembera mkulu uja akuti "ndinangolikonza pang'ono, si kuba ayi", kenako wandibuloka. Kukonza? Nanga bwanji sananene pogulitsa? Ndi wakuba ameneuja basi, ndipo bambo ake omwalirawo ndikukayika ngati analigwirapo khadilo.

Musaganizenso kuti ndi ife ang'onoang'ono tokha. Bill Mastro, yemwe anali mkulu wa kampani yogulitsa makadi pa okushoni, anavomera yekha mu 2013 kuti anadula m'mphepete mwa khadi lakale lotchuka la baseball la T206 Honus Wagner, lija katswiri wa hockey Wayne Gretzky ndi Bruce McNall, mwini timu yake pa nthawiyo, anagula pa $451,000 mu 1991, lomwe kampani yopima makadi ya PSA inalipatsa giredi 8 pa 10, ndipo milandu yachinyengo inamufikitsa kundende.

Ndiye inu ligulitseni mmene lililimo ndi makona ake oyerawo, mtengo utsike utsike. Pogula tengani zopimidwa kale zili m'pulasitiki, zinazo yezani ndi rula, kuyambira 1957 makadi ambiri a Topps ndi mainchesi 2.5 kwa 3.5, likachepa mwina wina anadulapo. Koma zopukuta phula la paketi ndi sokosi ya nayiloni ine ndimachita, ngakhale kunyika m'madzi kuti guluu wa mu alubamu achoke ndinachitapo kawiri ndipo sindinauze munthu, pajatu pamenepo sunawonjezerepo kanthu.