Makolo ambiri akugwirizana nazo: kodi tingaletse kusuta fodya pabwalo la mpira?

Bambo, mwalemba kuti ndinu a komiti ya bwalo limene ana amaseweretsapo mpira, kuti makolo ambiri akufuna kusuta kuletsedwe pabwalopo, ndipo mukufunsa ngati mungamalipiritse chindapusa aliyense woyatsa ndudu.

Kuletsa mungathe. Koma chindapusa ayi, pakali pano. Anthu angagwirizane mudzi wonse, koma kugwirizana kwawo sikusanduka lamulo pakokha.

Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta fodya mu 2023, ndipo ndime 8 ya panganolo imanena zoteteza anthu ku utsi wa fodya wa anzawo. Komabe gawo 211 la malamulo aakulu a dziko lino limati pangano la mayiko limagwira ntchito kuno pokhapokha Nyumba ya Malamulo italiika m'lamulo lathu. Choncho simungakokere munthu kupolisi ndi panganolo m'manja. Limangolimbitsa pempho lanu.

Njira yachangu ndi ya mwini bwalo. Fufuzani kaye kuti malowo ndi a yani: sukulu, mpingo, khonsolo kapena ali m'manja mwa amfumu. Mwini malo ali ndi ufulu woika malamulo olowera. Akavomera, zilembedwe, asayinire, ndipo muike zikwangwani pakhomo lililonse ndi pomwe oonerera amakhala. Lembani momveka kuti ndudu, chingambwe ndi fodya wamagetsi zonse n'zoletsedwa, komanso malire ake: kodi kuseri kwa golo ndi pogulitsira mandasi pali m'kati? Wosuta apemphedwe kuzimitsa, akakana atuluke. Apa ndi pamene komiti ingalakwe. Anyamata olondera akalanda paketi ya fodya, kukankha munthu kapena kumutsekera mpaka alipire, mlandu umatembenukira kwa inu, wakuba, womenya kapena wotsekera munthu popanda lamulo. Wovuta muitanireni apolisi.

Ngati mukufunadi chilango, pitani kukhonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awo aang'ono. Apa m'pamene kugwirizana kwa makolo kuli ndi ntchito. Lembani kalata yopempha khonsolo kuti ipange lamulo loletsa kusuta pabwalopo, anthu asayinire ndi mayina ndi midzi yawo, muphatikize zomwe munakambirana pamsonkhano ndi kalata ya amfumu kapena ahedi, mupereke kwa khansala wanu ndipo kope lina kwa bwanamkubwa kapena mkulu wa khonsolo. Pemphani chidindo cha tsiku lolandirira. Tchulaninso gawo 23 la malamulo aakulu, loteteza ana ku zinthu zoononga thanzi lawo.

Makhansala akavomereza, sizinathe: lamulolo liyenera kuvomerezedwanso ndi nduna ya maboma aang'ono lisanayambe kugwira ntchito. Musanalipiritse munthu ngakhale tambala, onani kope lovomerezedwalo ndi maso anu, ndipo ndalamayo imapita kukhonsolo ndi lisiti, osati m'thumba la komiti.