Kwa achemwali a ku Thyolo amene afunsa za masitazi a m'labotale

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Thyolo amene anamaliza digiri yoyamba ya za tizilombo toyambitsa matenda ku yunivesite ya sayansi ya MUST. Akufunsa ngati n'chanzeru kupita ku KUHeS, yunivesite ya maphunziro a zaumoyo, kukachita masitazi kapena kudikira mwayi wa kunja, pakuti amalume ake akumuuza kuti maphunziro a m'labotale ndi kutaya nthawi ngati munthu sadzakhala dokotala woona odwala. Achemwali, mawu a amalume anuwo ndi amene andigwira mtima, chifukwa inenso ndakhala ndikuwamva kuno ku Mulanje kwa zaka zambiri.

Pamene ndinkachita masitazi anga ku Blantyre, sukuluyo inkatchedwa College of Medicine, isanaphatikizidwe ndi Kamuzu College of Nursing mu 2021 n'kukhala KUHeS. Ndikabwera kumudzi pa tchuthi, azimayi amene ankathyola tiyi limodzi ndi mayi anga ankafika pakhonde atanyamula mabuku awo a kuchipatala, n'kumandipempha kuti ndiwauze mankhwala oti akagule. Ndikawafotokozera kuti ine sindilembera munthu mankhwala, kuti ntchito yanga ndi kuyeza magazi ndi kufufuza tizilombo, ankabweza mabukuwo m'nsalu mwakachetechete, ndipo ndinkaona m'maso mwawo kuti akundimvera chisoni. Ngakhale mayi anga enieniwo ankavutika kuyankha anzawo akawafunsa chimene mwana wawo akuphunzira.

Chimene ndinkalephera kuwaonetsa ndi chimene chimachitika pa tebulo la m'labotale. Umatenga kadontho ka magazi a mwana wotentha thupi, n'kukapaka pa kagalasi, kakauma umakathira utoto wa Giemsa, kenaka umawerama pa maikulosikopu mpaka khosi kuuma, ukuwerenga tizilombo ta malungo timene timaoneka ngati timphete tating'onoting'ono m'kati mwa maselo ofiira. Mwanayo akamwa mankhwala, umatenganso magazi masiku otsatira kuti uone ngati tizilombo tatha kapena tidakalipo. Ukachita zimenezi pa ana mazanamazana, umadziwa ngati mankhwala amene dziko lonse likudalira akugwirabe ntchito.

Ndi kuwerenga kotereku kumene kunachititsa kuti mu 1993 Malawi likhale dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kuyamba Fansida, popeza tizilombo tinali titasiya kumva mankhwalawo. Patapita zaka, kafukufuku wa ku Ndirande amene anasindikizidwa mu 2006 anasonyeza kuti kolorokwini anali atayambanso kuchiza pafupifupi mwana aliyense, chifukwa tizilombo tosamva mankhwala tinachepa pamene mankhwalawo analeka kugwiritsidwa ntchito. LA amene timamwa lero anabwera mu 2007. Nkhani ya katemera wa taifodi ndi chimodzimodzi: kuyambira mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anatenga nawo mbali pa kafukufuku amene anapeza kuti katemerayo amateteza pafupifupi ana 80 mwa 100 alionse, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Kuti atsimikize kuti mwana wadwaladi taifodi osati malungo, panafunika munthu wa m'labotale wolera tizilombo ta m'magazi a mwanayo mpaka titadziwika mtundu wake. Choncho ndikunena mosabisa kuti amalume anuwo akulakwitsa, ngakhale kuti akulankhula chifukwa chokukondani. Dokotala amalemba mankhwala amene wa m'labotale anatsimikiza kuti akugwira ntchito.

Pa nkhani ya kunja, sindiletsa munthu kupita, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko zipangizo n'zokwanira, pamene kuno mankhwala oyezera amaitanitsidwa kunja, amafuna madola, ndipo akhoza kuchedwa kwa miyezi wophunzira atangokhala. Firiji yosunga magazi pa madigiri 80 pansi pa ziro imafunanso magetsi osathima. Komabe chimene chimandipweteka ndi maganizo akuti sayansi yeniyeni ili kutsidya la nyanja, pomwe malungo a mu ubongo, taifodi, chifuwa chachikulu ndi matenda a kolera amene paokha anapha anthu oposa 1,700 m'zaka za 2022 ndi 2023 zili pakhomo pathu. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo imene madokotala amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri imatchedwa Blantyre Coma Score chifukwa inapangidwira ku chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo pafupi pomwepo pali bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome limene lakhala likuchita kafukufuku kuyambira mu 1995. Munthu amene akudikira sikolashipu ya kunja kwa zaka zitatu osagwira kanthu akuphonya zinthu zimene ophunzira a ku Liverpool amakwerera ndege kudzaziona.

Nanga muchite chiyani?

Yambani ndi kufunafuna mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu musanaganize za dzina la sukulu, chifukwa masitazi a mtundu uwu amayenda kapena kuima chifukwa cha munthu ameneyo. Werengani zimene aphunzitsi a ku KUHeS asindikiza, sankhani awiri kapena atatu amene ntchito yawo yakukopani, muwalembere mwachidule, ndipo muwafunse mosapita m'mbali ngati pulojekiti yawo ili ndi ndalama za fizi ndi za zipangizo. Kafukufuku wokhudza anthu sayamba popanda chilolezo cha komiti yoonetsetsa kuti kafukufuku akuteteza anthu otenga nawo mbali, choncho nthawi yodikira chilolezocho muiwerengere. Pa nthawi yomweyo tumizani makalata ofunsira sikolashipu ku Commonwealth Scholarship ndi ku Beit Trust, bungwe limene limathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo podikira mayankho phunzirani masamu a kafukufuku ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa R, yomwe ndi yaulere.