Yankho kwa achemwali amene afunsa za chenjezo la kutentha ndi moto ku Cape Town

Achemwali, mwati mlongo wanu amene ali ku Cape Town watumiza meseji yoti achenjezedwa za kutentha koopsa kumapeto a sabata ino, pamodzi ndi mphepo yamphamvu ndi moto, ndiye mukudabwa kuti zitheka bwanji mu January muno pomwe ife kuno ku Zomba mvula ikungogwa, Likangala wadzaza, komanso iwowo ali m'mbali mwa nyanja momwe kumayenera kukhala kozizirira. Mwafunsanso ngati a zanyengo angadziwedi zinthu ngati zimenezi kudakali masiku asanu. Ndaona ena m'makomenti ayamba kale kuseka kuti a zanyengo ndi alosi abodza kkkk, dikirani kaye abale.

Nyengo ya kumeneko ndi yosemphana ndi yathu. Iwo mvula yawo imagwa nthawi yozizira, June, July, August, pamene ife tavala majuzi kuno. Kuyambira December mpaka cha mu March kumakhala gwaa, tchire la m'mapiri mwawo lija amati fynbos limauma ndipo ndi tchire loti mwachibadwa chake limayaka msanga. Ndiye January wawo muzimuwerenga ngati October wathu, nthawi ija dzuwa limaswa mtengo tikudikira chizimalupsa.

Za nyanjazo mukunena zoona ndithu, masiku ambiri nyanja imawathandiza. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mpweya wa pamtunda umakwera m'mwamba ndiye wozizira wa panyanja umalowa m'malo mwake, amene munakhalako ku Mangochi kapena ku Salima mukudziwa kamphepo kamabwera kuchokera kunyanja dzuwa likapendeka. Ndipo nyanja ya mbali ya kumadzulo kwa Cape Town madzi ake ndi ozizira zedi chifukwa cha mkokomo wa madzi wotchedwa Benguela umene umachokera kumwera. Koma zonsezi zimagwira ntchito ngati mphepo ikuchokera kunyanja kupita kumtunda. Tsiku limene yatembenuka, n'kumachokera kumtunda kupita kunyanja, basi nyanja ija ilibenso phindu, ili pompo koma kuzizira kwake kukukankhidwira kutali.

Apa nde pagona nkhani. Pakati pa dziko la South Africa ndi pokwera, malo ambiri amapitirira mamita 1,000, ndipo ndi kouma. Mphepo ikamatsika kuchokera kumeneko kupita m'mphepete mwa nyanja imapanikizika, ndipo mpweya ukapanikizika umatentha, a kabaza akudziwa mmene mpope umatenthera m'manja ukamapopa tayala. Mpweya wouma ukatsika mamita 1,000 umawonjezera pafupifupi madigiri 10. Ndiye taganizani mphepo yoti yanyamuka kale yofunda ndi youma, pofika kumunsi yasanduka ng'anjo, chinyezi chonse chathawa, masamba ndi udzu zikungothetheka. Eni ake amaitcha berg wind. Imeneyi ndi imene inakolezera moto wa ku Knysna mu June 2017, anthu anafa ndipo nyumba mazanamazana zinapsa, onani kuti munali mu June, nthawi yozizira, kusonyeza kuti chimene chimayendetsa moto ndi mphepo ndi kuuma, osati kutentha pakokha. Ku America nakonso ali ndi yawo yotere amati Santa Ana, ndi ija inapangitsa moto wa ku Los Angeles mu January 2025 kukanika kuzima.

Ndiye palinso mphepo ina imene mlongo wanu akuidziwa bwino, ya kum'mwera chakum'mawa imene imawomba kwambiri chilimwe chawo, amaitchula kuti Cape Doctor. Imeneyo siyotentha kwenikweni koma ndi yamphamvu moti munthu umayenda chopendekeka, ndipo ikapeza moto wayaka kale imauthamangitsa. Chimene ozimitsa moto amaopa kwambiri ndi kutembenuka kwa mphepo. Moto ukamayenda umakhala ndi mutu waung'ono ndi nthiti zazitali, mphepo ikangosintha mbali nthiti yonse ija imasanduka mutu, ndipo anthu amene amadziona ngati ali kumbali kotetezeka amapezeka ali kutsogolo kwake. Moto wa pa Table Mountain umene unayamba pa 18 April 2021 unatentha laibulale ya Jagger pa University of Cape Town tsiku lotentha ndi louma, kenako mphepo itakula unakhotera ku nyumba za anthu mbali ya Vredehoek mpaka ena kusamutsidwa. N'chifukwa chake chenjezo limatchula zitatu zonse pamodzi, kutentha kumayamba kuumitsa, mphepo n'kudzamaliza.

Tsono amadziwa bwanji kudakali masiku? Palibe zamatsenga apa. Tsiku lililonse dziko lonse lapansi kumayezedwa kutentha, chinyezi, mphepo ndi kulemera kwa mpweya, pogwiritsa ntchito masiteshoni a pansi, zombo, ndege, masetilaiti ndi mabaluni amene amaulutsidwa m'mwamba atamangirira timakina. Manambala onsewo amalowa m'makompyuta akuluakulu amene amawerengera kuti mpweya uyenda bwanji mawa, mkuja, mpaka sabata yamawa. Odziwika kwambiri ndi ECMWF ya ku Ulaya ndi GFS ya ku America, ndipo amene muli ndi bandulo mutha kuwaona nokha pa apu ya Windy. Sawerengera kamodzi kokha ayi, a ku Ulayawo amabwereza maulendo pafupifupi 50, ulendo uliwonse atasintha pang'ono manambala oyambira. Zotsatira zambiri zikagwirizana kuti Loweruka kutentha, amalengeza molimba mtima, zikabalalika amadikira kaye.

Kwa inu amene mumati a zanyengo amanama, ndikumvetsa komwe mukuchokera, koma mukusakaniza zinthu ziwiri. Mvula yathu ya mabingu ija ndi kanthu kakang'ono, mtambo umodzi wa makilomita ochepa, imatha kukhuthuka ku Matawale pomwe ku Chinamwali anthu ayanika ufa, ndiye wa ku Chinamwali amati wailesi yanama pamene wa ku Matawale akukolopa m'nyumba. Kuneneratu kuti mtambo umenewo ugwera mudzi uti n'kovutadi. Koma kutentha kwa masiku angapo kumabwera ndi chimpweya cholemera chimene amati high pressure, chotambalala makilomita mazanamazana mwinanso kuposa, choyenda pang'onopang'ono, chimatsitsa mpweya kuchokera m'mwamba n'kuletsa mitambo kupangika, dzuwa n'kumangomenya nthaka tsiku ndi tsiku. Chinthu chachikulu choncho makompyuta amachiona chikubwera patali. Ine ulosi wa kutentha wa masiku atatu mpaka asanu ndimaukhulupirira kwambiri, ukapitirira sabata nde ndimangoti tiona. Chimene chimatha kuphonyeka ndi ola lenileni limene mphepo itembenuke, komanso mphamvu yake malo ndi malo chifukwa mapiri amaisokoneza, ndiye zimenezo mlongo wanu azionanso m'mawa uliwonse osangodalira meseji ya Lolemba.

Komanso sikuti kukangotentha tsiku limodzi basi alengeza heatwave, kutentha koopsa kwa masiku angapo kuja. A South African Weather Service amafuna masiku atatu otsatizana kutentha kukuposa ndi madigiri 5 mulingo wa mwezi wotentha kwambiri wa dera limenelo. Ndiye zimatengera dera, madigiri amene anthu a ku Cape Town angadandaule nawo wa ku Nsanje kapena ku Ngabu, komwe kumapitirira 40 mu October ndi November, akhoza kungoseka. Za moto ali ndi muyeso wake wapadera wa mitundu, kuyambira buluu, girini, yelo, olenji mpaka redi, amaphatikiza kutentha, chinyezi, mphepo ndi masiku amene apita mvula isanagwe. Ozimitsa moto m'mayiko ena ali ndi kachidule kosavuta kukumbukira, 30 katatu, kutentha kupitirira madigiri 30, chinyezi kutsika pansi pa 30 peresenti, mphepo kuthamanga kuposa makilomita 30 pa ola. Zitatuzi zikakumana moto ukayaka kuuzima ndi ntchito.

Chimene kompyuta singaone ndi munthu amene akayatse machesi. Chenjezo silikunena kuti moto ubuka ndithu, likunena kuti ukabuka sugwirika. Ndiye Lolemba likafika osamva za moto musadzati ananama, mwina anthu anamvera.

Ndipo ife a ku Zomba tisamaone ngati ndi nkhani ya kutali. Chaka chilichonse September ndi October timakhala pakhonde usiku kumaonerera mzere wa moto ukukwera phiri, m'mawa phulusa lili mbwee pa zovala zoyanika, ndipo tinazolowera ngati ndi mmene ziyenera kukhalira. Zonse ndafotokozazi zilipo pano, udzu wouma kuyambira May, masamba a paini owunjikana pansi amene ali ndi utomoni, mphepo ya masana imene imakwera phiri dzuwa likatenthetsa matanthwe n'kudzatsika usiku. Moto umathamanga pokwera kuposa potsika chifukwa malawi amawamba udzu wa kutsogolo usanafikidwe, akatswiri amati potsetsereka pakawonjezera kupendekeka kwake ndi madigiri 10 liwiro la moto limawirikiza kawiri, ndiye onani mmene phiri lathu linaimira, pamwamba pake kupitirira mamita 2,000. Woyatsa nthawi zambiri ndi ife tomwe, wosaka mbewa, wootcha makala, wofula njuchi, wotentha mapesi posotsa m'munda masana dzuwa lili paliwombo kamvulumvulu n'kunyamula moto kukautaya kutchire. Pamwamba pomwepo ndi pamene pali damu la Mulunguzi limene timamwa tonse m'tauni muno, phiri likapsa mvula yoyamba imakokolola dothi ndi phulusa kutsikira m'mitsinje. A nthambi yathu ya zanyengo nawonso amatulutsa machenjezo a kutentha nthawi imeneyo, pa wailesi ndi pa Facebook pomwe, monga amachitira ndi mwera kwa asodzi, koma ndi angati amene amasiya kutentha zinyalala chifukwa amva chenjezo? Ine ndimaona kuti mafumu ndi makomiti a nkhalango atamalitenga chenjezolo n'kulengeza kuti sabata ino palibe kuyatsa moto kumunda, ndiponso njira zotchinga moto zitamalambulidwa July asanathe udzu usanaumitsitse, phiri lija bwenzi likupumako.

Kwa mlongo wanuyo, muuzeni achitenge mozama. Ngati amagwira ntchito ya panja, ya m'magadeni kapena ya zomangamanga, ntchito yolemetsa aigwire m'mamawa, azimwa madzi asanamve ludzu, chipewa chisachoke kumutu, ndipo akaona mnzake wayamba chizungulire, kulankhula zosokonekera kapena wasiya kutuluka thukuta thupi lili moto, amuike pamthunzi, amuthire madzi ndi kuitana thandizo msanga, pa foni ya m'manja kumeneko amaimba 112. Asawotche zinyalala kapena nyama panja tsiku la mphepo ngakhale abwana atamutuma, ndudu asataye paliponse. Ngati amakhala m'mashaki momwe abale athu ambiri amakhala asamale kwambiri ndi kandulo ndi sitovu ya parafini, ku Imizamo Yethu ku Hout Bay moto wa mu March 2017 unasiya anthu masauzande opanda pogona, nyumba zake ndi zothithikana moti moto umangolumpha. Pasipoti, mapepala ndi tindalama aziike m'kachikwama kamodzi pafupi ndi chitseko, foni ikhale yotchaja, ndipo akauzidwa kuti samukani asayambe kulimbana ndi firiji kapena TV. Mumufunsenso kuti amakhala mbali iti, kufupi ndi phiri kapena kumchenga kuja, mutiuze pano, m'gulupu muno muli anthu angapo amene ali konko atha kumuuza zambiri za dera lake.